Timatabwa tiwiri pansi pa rediyeta

Lolemba, 8 Januwale

Kwagogodanso. Faifi koloko m'mawa, kuchipinda kwanga, ngati munthu akumenya chitsulo ndi hamala. Sabata yachitatu tsopano. Mwana wanga Loretta wabwera masana, nyumba ili zii. Akuti, "Amayi, inetu sindikumva kanthu." Angamve bwanji masana? Wandiyang'ana ndi maso achisoni aja. Ndimadana nawo maso amenewo.

Lachinayi, 11 Januwale

Chipale chofewa mpaka m'mawondo, mzinda wonse wa Buffalo mbuu. Dennis, mkamwini wanga wodziwa zonse uja, wachotsa chipale pakhomo, kenaka wasiya mapepala patebulo. A nyumba yosungirako okalamba. "Mungowerenga basi, Amayi, palibe akukukakamizani." Ndawamva iye ndi Loretta akunong'onezana kukhitchini. Ati ndayamba kumva zinthu zomwe kulibe. Zaka 46 m'nyumba muno! Ndalira, ndisaname.

Loweruka, 13 Januwale

Ndaimbira pulambala, a Bledsoe. Ati abwera Lachiwiri teni koloko. Ndati ayi, mufike faifi ya m'mawa isanakwane, boyila yotenthetsa nyumba isanayake. Ati, "Mayi, nthawi imeneyo ngakhale galu wanga sandipatsa moni." Ndawalonjeza khofi. Loretta ndamuuza abwerenso, afune asafune.

Lachiwiri, 16 Januwale

Atatu kuchipinda, makapu m'manja. Faifi koloko, zii. Loretta maso pansi. Mphindi khumi zathunthu. Kenaka GU! GU! Khofi wa Loretta yense pa siketi. Chibadwire sindinakondwerepo ndi phokoso chonchi.

A Bledsoe agwada, ayika levulo yoyezera kupendekera pa rediyeta, chitsulo chotenthetsa chipinda ndi nthunzi. "Ndani anaongola chimenechi?" Ati rediyetayo imayenera kupendekera kupaipi, kuti nthunzi ikazizira n'kusanduka madzi, madziwo azibwerera ku boyila. Akatsalira, nthunzi yatsopano imawakankha n'kuwamenyetsa pachitsulo. Loretta wagwira pakamwa, wakumbukira. Pa Khirisimasi, poyala kapeti, Dennis anataya timatabwa tiwiri tomwe malemu mwamuna wanga anaika pansi pa miyendo ya rediyeta. Ankati ndi zinyalala. A Bledsoe ayika tina. Potuluka ati kwa Loretta, "Amuna anuwo azingochotsa chipale, zinazi atisiyire."

Lachitatu, 17 Januwale

Ndadzuka seveni koloko. Seveni! Kuchipinda kofunda bwinobwino. Loretta wang'amba mapepala aja ine ndikuona. "Pepani, Amayi, ndinalakwa." Ndamukhululukira, koma ndinayamba ndamudikiritsa pang'ono. Dennis sanaoneke, wangotumiza maluwa. Manyazi. Muno sindichoka.

Lachisanu, 19 Januwale

Bata. Ndaphika supu wa kabichi, ndadya mbale ziwiri. Thupi lapepuka.

Masana ndasakasaka makiyi ola lathunthu. Ndawapeza mu filiji, pambali pa batala. Sindikukumbuka kuwaikamo.

Loretta waimba foni. "Zonse zili bwino, Amayi?" Ndati zili bwino.