Woima Pansi pa Pholo

Mangochi,
14 Disembala 2024.

Okondedwa achimwene Yunus,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, mvula yayamba ndi ukali, ndipo amayi miyendo ija yasiyako kutupa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndimakudziwani. Pa foni ndikangoti "achimwene", inu mwayamba kale kuweruza mlandu, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi kutha. Pepala silidula munthu mawu. Ndamva kuti akwawo kwa a Hafiz anakuimbirani kuti inu, monga nkhoswe yanga, mundiuze ndisiye kukwera mapolo a magetsi, apo ayi ukwati umene munavomera chaka chatha uja palibenso. Akuti munawauza kuti muyambe mwaganiza. Munachita bwino, ndipo tsopano imvani mbali yanga.

Inu mumayesa ntchito yathu imayamba magetsi akazima. Ayi ndithu. Magetsi akazima ndiye kuti tikukolola zimene tinalima m'chilimwe. Kuyambira mu Seputembala takhala tikuyenda wapansi kutsata nthambo, kuchokera pa boma mpaka ku Nkope, dzuwa la kuno mukulidziwa lija. Tinkadula nthambi zonse zoyandikira mawaya, ndipo eni mitengo ya mango anatitukwana mpaka makolo athu. Pholo lililonse timaligogoda ndi hamala. Labwino limayankha mouma, koma lodyedwa ndi chiswe limalira ngati ng'oma, ndiye timalipaka penti wofiira n'kudzalisintha mphepo isanalipeze. Mapolo ena atsopano tinakawasiyiratu ku Nkopola, chifukwa mitsinje ikadzaza lole siidutsa. Galimoto yathu sigona yopanda mafuta. Tinapitanso m'masukulu ndi m'misika kukauza anthu kuti waya wogwa pansi si wakufa, asamuyandikire, ngakhale atagwera pa thandala la usipa wawo. Ntchito imeneyi ndimaikonda, achimwene, ndipo ndimaitha. Sindikudzitama, mukafunse.

Koma pali kukonzekera kwina kumene anthu sakuona, ndipo n'kumene kwandibweretsera mlanduwu. Lamulo lathu ndi lakuti munthu sakwera pholo ali yekha. Wina amakwera, wina amaima pansi ndi chingwe. Wa pamwambayo akagwidwa ndi magetsi kapena akakomoka, amangolendewera pa lamba wake, ndipo wa pansiyo ayenera kukwera, kumumanga, kumutsitsa ndi kumuthandiza kupuma mpweya usanamuthere. Palibe nthawi yoitana anthu. Mnzanga amene ndimayenda naye ndi Simioni, bambo wa ana atatu, Mkhristu wa ku Ntcheu, munthu wosalankhulalankhula. Iye ndiye wonditsitsa ine, ine ndiye womutsitsa iye.

Zimenezi timayeserera mwezi ndi mwezi pa pholo lopanda magetsi, mumpanda wa ofesi yathu. Poyamba tinali ndi chidole, ovolosi yakale yodzaza mchenga, tinkachitcha Che Mchenga. Chinang'ambika m'mimba, ndipo bwana wathu a Thomson anati chisasokedwenso. Anati, "Mchenga ulibe khosi, ulibe msana. Phunzirani pa munthu, mudziwe mmene munthu wolefuka amalemerera." Ndiye tsiku lina loyeserera Simioni anakwera, n'kudzigwetsa pa lamba ngati wakomoka. Ine ndinakwera, ndinamugwira chakumbuyo, ndinapisa chingwe m'khwapa mwake, n'kumutsitsa bwinobwino. Pansi ndinamugoneka chagada, ndinamumasula mabatani a pachifuwa, n'kuika tsaya langa pafupi ndi pakamwa pake kuti ndimve ngati akupuma. Zinathera pomwepo. Zopumira m'kamwa timayeserera pa chidole cha pulasitiki, osati pa munthu.

Tsoka lake, mpanda wathu ndi wa waya ndipo uli m'mbali mwa msewu. Abiti Iddi, mayi ake aang'ono a Hafiz, ankadutsa pa kabaza. Akuti anamuuza wa kabazayo kuti aime, n'kuonerera zonse mpaka kumapeto, poti maso alibe mpanda. Nkhani inanyamuka pamenepo ndi liwiro loposa la magetsi athu. Pofika kwa amayi a kumzikiti ndinali nditamupsompsona Simioni. Pofika kumsika wa nsomba ndinali ndi pathupi pake. Ine ndinaseka nditamva, koma amayi athu sanaseke.

Mayi a Hafiz anabwera kunyumba. Ndisawanamizire, si munthu wankhanza, ndipo anali atayamba apita kwa a Shehe kukafunsa. A Shehe anawauza kuti kupulumutsa moyo wa munthu si tchimo, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Iwo anavomera zimenezo, koma anali ndi funso lawo.

"Mwanangu Alima," anatero, "ngozi ikagwa, mugwire, Mulungu amaona. Koma munthu ali bwinobwino, akuphethira, iwe n'kumamukumbatira mwezi ndi mwezi, pamsewu? Bwanji osadikira tsiku la ngozilo?"

Ndinagwada n'kuwayankha kuti, "Amayi, tsiku la ngozi mutu umathawa, amatsala ndi manja okha. Manja amene sanazolowere amanjenjemera, amamanga mfundo yolakwika, munthu n'kugwa chamutu. Ndikadikira tsikulo, ndidzakwera kukatsitsa maliro."

Anati, "Mawu ako ndi omveka. Koma mpongozi wanga sangamagwire amuna a eni. Sankha."

A Thomson atamva anandiitana mu ofesi. Anati pali mpando wolandira mafoni a anthu odandaula kuti magetsi azima, ndingathe kukhala pamenepo, malipiro omwewo, pamthunzi, fani akuzungulira. Achimwene, ndisabise, mtima unapita. Ndinadziona nditakhala pa mpandowo, a Hafiz akudzanditenga pa njinga yamoto madzulo, aliyense ali wokondwa. Koma ndinafunsa kuti nanga Simioni aziyenda ndi ndani. Okwera mapolo pa ofesi yathu tilipo anayi okha, awiriawiri, ndipo kulikulu anena kale kuti munthu watsopano sangabwere dzinja lisanathe. A Thomson anayang'ana kumbali n'kunena kuti amupezera waganyu. Waganyu amadziwa kugwira makwerero, basi. Ndinawapempha kuti andipatse nthawi.

Lamulungu lotsatira kunabwera mlendo amene sindinkamuyembekezera, Jestina, mkazi wake wa Simioni, mwana ali kumbuyo. Amayi atamuona anayamba kubisa mipeni, poganiza kuti wabwera kudzamenyana. Iye anakhala pamkeka, anapereka moni, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ndinu mwalanda amuna anga?" anatero.

Ndisanayankhe anaphulika kuseka. "Anthu akundimvera chisoni kumsika. Ine mwini wake ndabwera kudzanena kuti ngati kuwapsompsonako n'kumene kungawabweretse kunyumba amoyo, apsompsoneni ndithu, ndakupatsani chilolezo."

Amayi anagwira pakamwa, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Kenaka Jestina anasiya kuseka. Anati mvula ikayamba kugunda iye sadya, amangoyang'ana foni ya amuna ake kudikira kuti iitana liti. Anati, "Sindinabwere kudzakupemphani kuti mutaye banja chifukwa cha ine, ayi. Banja ndi lanu. Ndimangofuna mundiuze zoona, ndidziwiretu. Dzinja lino pansi pa bambo a ana anga paima ndani?"

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera ndinapeza amayi akupukuta m'maso ndi mpango.

Mkuntho wa sabata yatha mwina munauona pa mafoni. Unagwetsa mitengo, unasasula madenga, ndipo pakati pa Nkopola ndi Nkope mapolo angapo anagona pansi. Dera lonselo linali mumdima, chipatala chaching'ono chija, zigayo, malo ogona alendo, mafiriji a nsomba, zonse. Tinanyamuka m'mawa kukungocha. Apa ndiye ndinaona phindu la thukuta lathu. Mlatho wina unali utamira, lole sikanadutsa, koma mapolo anali kale tsidya linalo akutidikira. Pamene tinadula nthambi panalibe waya woduka ngakhale mmodzi. Pa mudzi wina tinapeza ana a sukulu atazungulira waya wogwa chapatali, akubweza mbuzi ndi akuluakulu omwe, akukuwa kuti, "Si wakufa! Anatiuza a magetsi!" Mayi mmodzi amene anatitukwana chifukwa cha mango ake anatibweretsera mango omwewo m'beseni.

Titazimitsa nthambo ndi kuilumikiza kunthaka monga mwa lamulo, Simioni anamanga lamba wake. Pholo linali lonyowa, mphepo isanatheretu. Anaponda makwerero, kenaka anatembenuka.

"Alima, wabwera kudzagwira ntchito kapena kudzatsanzika?"

Ndinati, "Kwera, ndili pompano."

Anakwera osayang'ananso pansi. Mukudikira kuti ndinene kuti anakomoka ine n'kumupulumutsa anthu akuombera m'manja. Pepani, sizinachitike. Anagwira ntchito yake, anatsika yekha, ndipo pa pholo lotsatira ndinakwera ine, iye n'kuima pansi. Dzuwa lisanalowe magetsi anali atayaka mpaka ku Nkope. Koma nthawi yonse imene ndinaima pansi paja, khosi litapindika, chingwe chili m'manja, ndinkadziwa chilichonse chimene ndikanachita akanalendewera, ndipo manja anga sankanjenjemera. Yankho langa ndinalipeza pamenepo.

Tsiku lotsatira ndinapita ku shopu ya a Hafiz. Mafiriji awo ankalira bwinobwino, chambo chonse chili chouma gwa. Mukukumbukira mmene ankanyadira, kumauza anzawo kuti akukwatira mkazi woyatsa tauni yonse. Ndinawauza kuti mpando wa mu ofesi ndaukana.

Anati, "Alima, ine sindikukukayikira. Ndikudziwa kuti palibe chimene unachita. Koma amayi anga, ndi anthu."

Ndinati, "Mukanakhala inu mwalendewera pamwamba paja, pansi pali chitomero cha munthu wina, mukanafuna chidikire mwamuna adutse?"

Anatsegula firiji, n'kuitseka osatengamo kanthu. Kenaka anati, "Dzinja lino lokha, khala mu ofesi. Anthu aiwala."

"Dzinja lino ndi limene Simioni akundifuna," ndinatero. "M'chilimwe mapolo sagwa."

Ndinawauzanso kuti mapanga awiri avumbwitsa, asadzivutitse kuima pakati pa ine ndi mayi awo. Anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona kuti akulira. Anati sangathe kuwanyoza amayi awo, poti anawalera okha bambo atamwalira. Ndinawauza kuti ndikumvetsa, ndipo ndinkanena zoona. Tinatsanzikana mwaulemu, popanda kutukwanizana, ndipo ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ngakhale a kabaza ankandiitana.

Ndiye mwaona, achimwene, kuti kalatayi sikuti ikupempha chilolezo. Ukwati watha, ndipo ndauthetsa ndine, maso ali poyera. Chimene ndikupempha n'chakuti mukamawayankha akwawo kwa a Hafiz, musapepese ngati mlongo wanu anachita chamanyazi. Muwauze kuti nkhoswe yamva, ndipo siikumuletsa. Mawu anu amalemera kuno kuposa anga, ndipo amayi akamva kuti mwaima nane adzayambanso kupita kumsika osazemba anthu. Ngati mukuona kuti ndalakwa, mundikalipire ine pandekha, ndidzamvetsera mpaka mayunitsi anu athe.

Za ine musadandaule. Ndikudya, ndikugona, ndipo Lolemba tikupita kumbali ya ku Chiponde kukaona mapolo amene madzi akukumba m'munsi. Mukapeza masokosi okhuthala a m'jombo munditumizireko, akunowa sachedwa kubooka.

Mupereke moni kwa alamu anga a Sumaiya, muwauze kuti asavutikenso kupempha tchuthi ku ntchito chifukwa cha ukwati, koma akafuna kubwera abwere ndithu, tawasowa. Ana muwapsompsonere, poti azakhali awo atchuka nazo. Amayi akuti musaiwale mapemphero a swala ngakhale ntchito ichuluke. Jestina wati ndikupatseni moni ngakhale simukudziwana.

A Hafiz akakuimbirani, chonde musawalankhule mawu oipa. Ndi munthu wabwino. Ndimawakondabe, achimwene, ndipo m'mawa uliwonse galimoto yathu ikamadutsa pa shopu yawo ndimayang'ana mbali inayo kuti anzanga asaone nkhope yanga. Zimenezi sindinauze amayi, sindinauze wina aliyense. Ndauza inu nokha, ndipo zithere mwa inu.

Allah akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Alima.