Amene Ankaphika Phala Lanu ku Balaka

Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo ndithu. Ndine Felista, chitsirizira wanu. Sukulu tatsekera, ndiye ndabwera kuno ku Phalula, ndakhala pakhonde panu, magalimoto akungodutsa mumsewu ngati kale.

Chimanga chakumtunda chachita bwino chaka chino, koma chakudambo chidapita ndi madzi. Nandolo ndiye wabereka mosaneneka. Achimwene a Dominiko afolera nyumba yanu ndi malata, koma mtengo wa mango uja adadula, akuti mizu inkang'amba khoma. Tidakangana pang'ono, zidatha.

Nkhani imene ndakhalira pansi ndi iyi, amayi. Achemwali a Rozina adatisiya. Matenda a shuga adawazunza nthawi yaitali, mpaka adagonja. Dzulo ndi pamene ndabwera kuchokera kunyanja ya Chiuta, kumene tidasonkhana patatha masiku makumi anayi, monga amachitira Asilamu. Ndikudziwa kuti dzina lawo simunkafuna kulimva pakhomo pano, mukati, "Madzi akatayika saoleka." Koma lero mundilole ndinene za iwo.

Mukukumbuka kuti bambo atamwalira, achemwali adasiya sukulu nkuyamba kugulitsa tomato pamsewu kuti ine ndiphunzire. Yunifolomu yanga yoyamba adaisoka ndi manja kuchokera ku deresi lawo lakutchalitchi. M'mawa uliwonse ankandigwira padzanja kundiwolotsa msewu, ndipo sankachoka mpaka nditalowa m'kalasi. Uphunzitsi umene anthu amandilemekeza nawo ku Balaka udayambira pa mulu wa tomato umenewo.

Pamsewu pomwepo ndi pamene adakumana ndi Che Bwanali, amene ankabwera ndi madengu a matemba. Tsiku limene adakuuzani kuti akwatiwa ndi Msilamu, inu mudati, "Ukachoka mumpingo, wachokanso pakhomo pano." Ine ndekha ndidawaperekeza pasiteji. Sadalire. Minibasi itaima adangoti, "Felista, uziwatungira madzi amayi. Msana wawo suli bwino."

Inu simudawuone moyo wawo wa ku Chiuta, ndiye ndikuuzeni. Kumeneko ankawatcha Abiti Yohane, kutanthauza mwana wa bambo athu. Ankayanika nsomba, ankalima mpunga, ndipo Chiyao adachidziwa mpaka kumachita nacho nthabwala. Adabereka ana anayi, nkuleranso awiri amasiye a mlamu wawo osasiyanitsa mbale. Che Bwanali sadawakwezerepo dzanja, ndipo sadatenge mkazi wina ngati mmene munkaopera. Pamaliro, mayi wina amene sindimamudziwa adandigwira nati, "Mwana wanga woyamba akadandipha. Achemwali anu ndi amene adathamanga kukafuna njinga, nkundigwirizira njira yonse mpaka kuchipatala." Amayi otere adalipo ambiri, aliyense ndi nkhani yake.

Tsopano pali chimene ndakhala ndikukubisirani. Mutagonekedwa m'chipatala ku Balaka, milungu itatu yomaliza ija, phala la mpunga lothira nsinjiro limene ndinkabwera nalo m'bakuli sindinkaphika ine. Achemwali atamva kuti mwadwala adabwera tsiku lomwelo, nkukhala kumalo ophikirako odikirira odwala. Ankagona pansi pamodzi ndi amayi ena, ankakuchapirani nsalu, ine nkumangonyamula kulowa nazo. Ankaopa kuti mukawaona mupsa mtima, matenda nkukula.

Tsiku lina mutalawa mudandiyang'anitsitsa, nkuti, "Iwe Felista, kukazinga mtedza chonchi udaphunzira liti?" Ndidayang'ana pansi. Inu simudafunsenso, koma mudamaliza bakuli lonse, chonsecho zakudya zina munkazikana.

Masana a tsiku lomwelo achemwali adandifunsa, "Kodi lero ndilowe?"

Ine ndidati, "Iyayi achemwali, lero atopa. Mulowe mawa."

Mawa lakelo, dzuwa litangotuluka, inu mudatsikira kuli chete. Achemwali adalowa inu mutatseka kale maso. Iwo ndi amene adathandiza amayi a mphakati kukusambitsani, ngakhale ena ankanong'onezana poona mpango wawo wa Chisilamu.

Mawu akuti "mawa" aja adandidya zaka zonsezi. Ndinkapita ku Chiuta, tinkaseka, ankandipatsa nsomba ndi mpunga, koma nkhaniyi sitinkaikhudza. Ulendo wanga womaliza ndidawapeza atagona pamkeka pansi pa mtengo, atawonda kwambiri. Ndidakhala pambali pawo nkuti, "Achemwali, ndidakulakwirani. Ine ndi amene ndidakutsekerani khomo."

Adaseka, kuseka kwawo kotseka pakamwa ndi dzanja kuja. Adati, "Iwe, ndi zimenezo wakhala ukusenza? Bakuli linkabwera lopanda kanthu tsiku lililonse. Ukuganiza kuti amayi sankadziwa dzanja langa? Adandiphunzitsa ndi iwo. Ine ndi amayi tidalankhulana kale. Tula katunduyo."

Kaya zidali choncho, amayi, mukudziwa ndinu. Koma ine kuyambira tsiku limenelo ndimapuma bwino.

Atamwalira, achimwene a Dominiko adafuna kuti thupi libwere kuno lidzagone pafupi ndi inu. Che Bwanali misozi idangoti chuchuchu. Anthu onse adayang'ana ine, poti mkazi wotsala pa mbumba yanu ndine. Ndidati, "Achimwene, ali moyo sitidawaitane. Asiyeni agone pakati pa anthu amene adawalandira." Achimwene adavomera, ndipo adapita nawo kumanda pamodzi ndi amuna anzawo. Ife amayi tidatsala pakhomo monga mwa mwambo wawo.

Pali nkhani yokoma. Asiyatu, mwana wawo woyamba, adabereka mwana wamkazi achemwali asanamwalire, ndipo achemwaliwo adakwanitsa kumunyamula. Dzina adapereka okha: Mariamu. Ndi dzina lanu lomwelo, Mariya, mmene amalitchulira kumeneko. Ali ndi mphumi yanu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati inu. Mtsikana womaliza wa achemwali, Patuma, ndimutenga sukulu ikatsegulira, azikakhala nane ku Balaka. Ndamuuza kuti Lachisanu azipita kumzikiti, ine Lamulungu kutchalitchi, ndipo tizidyera mbale imodzi.

Sindidziwa mmene zimakhalira kumeneko, amayi, kaya Akhristu ndi Asilamu amakhala mbali imodzi. Koma mmene ndimawadziwira achemwali, sangayambe iwo kubwera kwa inu. Aima chapatali, manja kumbuyo, kudikira. Chonde musawadikiritse. Aitaneni ndi dzina lawo.

Ine ndikulonjeza kuti ana awo sadzaima panja pa nyumba ino. Mwezi wa mawa ndibwera nawo onse, adzasese pamanda panu, adzadziwenso kwawo kwa mayi wawo.

Ndimakukondani nonse awiri.

Ndine mwana wanu,
Felista