Mkeka wa a Saufoi Pabwalo Pathu

Savai'i,
9 Novembala 2018.

Okondedwa achimwene Eteuati,

Ndikulemba kalata chifukwa foni mumaidula mukangomva mawu a kuno. Pepala mukhoza kuling'amba, koma ndimakudziwani, muyamba mwaliwerenga kuti mupeze pokwiyira. Kuno tili moyo. Kunena kuti tili bwino kungakhale kunama, ndipo abodza m'mudzi muno alipo kale okwana mipingo iwiri.

Inde, mabelu akadali awiri. Chigawikireni mpingo pa nkhani ya malo omangapo tchalitchi chatsopano, a kumtunda amaimba lawo, a kugombe kuno lawonso, ndipo Lamulungu lililonse makwaya amapikisana kukuwa kuti Mulungu amve mbali imodzi yokha. Ine anthu akunditchabe Profesa Theka chifukwa cha zaka zanga za ku yunivesite ku Suva zomwe sizinabale pepala. Alekeni anene. Theka langalo likuposa mitu yawo yonse kuiphatikiza.

Koma sindikulembera za ine. Munamva kuti amayi anagulitsa magazi a mng'ono wanu Uelese. Anakuuzani ndi anthu omwe tsikulo ankasuzumira m'mipanda. Ine ndinali pakhonde, ndiye imvani kwa ine.

Titamuika Uelese kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi manda a abambo, anyamata a pabanja pathu ananola zikwanje. Alapati wa kumtunda, yemwe anamugenda pa ndewu ija ya pambuyo pa mpira, anali kale m'manja mwa apolisi. Inu munkaimba foni kuchokera ku Auckland kuti nyumba ya kwawo isanduke phulusa, ndi kuti akazengereza mukwera ndege mudzamalize nokha. Sindikukudzudzulani. Machesi ndikadanyamula ndine.

M'mawa wina tinadzuka n'kupeza abale a Alapati atakhala phee pabwalo pathu. Anabwera ndi ifoga, kudzapepesa. Agogo ake, a Saufoi, nkhalamba yotsimphina ija, anali atagwada pamiyala, atafunda mkeka wosalala wa makolo awo kuyambira kumutu. Pambali anaunjika nkhuni, miyala ya uvuni ndi masamba a nthochi, kuti tikafuna tiwaotche ngati nkhumba. Wovundukula mkekawo, monga mukudziwa, ndi mwini dzina la banja yekha, ndipo kwathu ndi amalume a Leota. Akavundukula, chidani cha magazi chatha. Akakana, anyamata aja anali kuseri kwa nyumba, akudikira.

Amalume anakhala pampando n'kuitanitsa tiyi. Anati dzuwa liyambe lawaweruza, poti a kumtunda amadzitama ndi mapemphero ataliatali, agwade tione. Anyamata anaseka. Inenso ndinaseka.

Dzuwa linakwera. Miyala yakuda ya pabwalo pathu mukuidziwa kuotcha kwake. Mkeka unayamba kunjenjemera, ndipo tinkamva nkhalamba ikutsokomola mkatimo. Nthawi yonseyi amayi anali atakhala pamanda a Uelese, atavala diresi yoyera ya kutchalitchi ngakhale linali Lachinayi. Kenaka analowa m'nyumba n'kugwada pamaso pa amalume.

"Achimwene, kavundukuleni."

"Wagona apoyo ndi mwana wako," anatero amalume. "Waiwala msanga bwanji?"

"Sindinaiwale. Koma madzulo ano belu likalira ndiyenera kunena kuti mutikhululukire monga ifenso tikhululukira. Ndinena bwanji munthu akufera pabwalo panga?"

"Ndiye lero usapemphere."

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinawafunsa amayi kuti Mulungu wawoyo anali kuti mwala uli m'malere, ndipo ndinati ngati anali ndi makutu, mabelu awiri aja anamugonthetsa kale. Anandiyang'ana ngati mwana wotentha thupi.

Anatuluka opanda nsapato n'kuyenda pamiyala paja. Tonse tinaganiza kuti akukavundukula okha, zomwe sizikadawerengedwa n'komwe. Ayi. Anagwada pambali pa a Saufoi, anatukula m'mphepete mwa mkeka pang'ono, n'kulowa.

Achimwene, tangoganizani. Mayi wa malemu pansi pa mkeka wa opha mwana wake. Palibe nkhalamba m'mudzi muno yomwe inazionapo. Amalume akati asiye a kumtunda padzuwa, ndiye kuti akuotcha mlongo wawo. Anyamata akati aponye mwala, sakudziwa kuti ugwera mutu wa yani. Amalume anatukwana, anaswa kapu, analimba mtima mpaka mthunzi utachoka pamanda. Kenaka anatuluka n'kuvundukula, nkhope atalozetsa kumbali. Tinawapeza awiriwo atagwirana manja, milomo itauma, akunong'ona salimo. Mawondo a amayi anali atasupuka.

Musayese kuti zinatha bwino ngati nkhani ya mu ulaliki. Palibe nyumba yomwe inapsa, n'zoona, koma nkhuni zake anasenza ndi amayi. Azimayi a mpingo wa kugombe anawalanda ntchito yokongoletsa guwa ndi maluwa, yomwe anaigwira chibadwire ine. Akakhala pabenchi, anzawo amasunthira kwina ngati pali chiswe. A kumtunda nawo amawatchula mu ulaliki wawo ngati umboni wakuti mbali yawo ndiyo inali yolondola, koma palibe anabwera kudzazula udzu pamanda a Uelese. Amalume amadutsa pamsewu ngati pano palibe nyumba. Ndiye dziko lomwe amayi anapsera mawondo limenelo.

Sabata yatha ndikuwamanga mabala, anandifunsa ngati ndikuganiza kuti Uelese wawakwiyira. Ine wa mawu ambiri uja ndinangopitiriza kukulunga nsalu pabondo. Kenaka anandiuza kuti masiku ano akapemphera samva kalikonse, zimangokhala ngati akulankhula m'nyumba yomwe eni ake anasamuka.

"Nanga mukuvutikiranji?" ndinatero.

"Sanandiuze kuti ndisiye," anayankha, n'kundipatsa bondo linalo.

Popeza kuyenda kukuwavutabe, ndimawaperekeza kutchalitchi. Musaseke. Sindiimba, ndipo abusa akayamba ndimawerenga malata a padenga. Kungoti benchi lopanda munthu limandinyansa, ndipo azimayi aja akatembenuka kuti awayang'ane, amakumana ndi maso anga. Amabwerera msanga ku nyimbo zawo.

Pempho langa ndi limodzi. Katoni ya zovala yomwe alamu anatumiza inafika, zikomo, koma amayi sangalankhule ndi katoni. Foni amayenda nayo m'kachikwama ka buku la nyimbo, ndipo ikalira amaitulutsa mothamanga, kenaka amapeza kuti ndi uthenga wa otsatsa malonda. Imbani. Mukafuna kutukwana, yambani ndi ine, ndili ndi pobwezera. Mukatha mundiuze ndiwapatse.

Amayi sakudziwa kuti ndalemba kalatayi. Ndinangowafunsa mozungulira kuti achimwene akadzaimba iwo kulibe ndidzanene chiyani. Anati: "Udzamuuze kuti pansi pa mkeka paja munali mdima, ndipo nkhope yomwe ndinkaona sinali ya a Saufoi. Inali yake, atatsika ndege, chikwanje kumanja, apolisi akumukweza m'galimoto. Pabwalo pano malo a manda atsala amodzi, ndipo ndi anga."

Mupereke moni kwa alamu anga a Sieni ndi ana. Muwauze anawo kuti mtengo womwe Uelese anawamangira katungwe wabereka kwambiri chaka chino, ndipo zipatso zikungogwa popanda wotola. Amayi amanena kawirikawiri kuti muzivala zofunda, amva kuti kumeneko kumazizira ngakhale m'chilimwe. Belu la madzulo lalira, loyamba, ndipo lachiwiri lilira posachedwa. Ndikadzutse amayi.

Ndine mlongo wanu wa pakamwa poipa,

Fuatino.