Mpando wa Abemba Kumwamba

Lachiwiri, 5 Malichi
Shaun wavomera! Loweruka abwera kuno ku Kabushi kudzaonekera kwa amayi. Ndavina ndekha mu ofesi ngati wamisala. Vuto lake: Mubemba, komanso wa pente, ife Akatolika a ku Chipata. Amayi angoti, "Ubwere naye timuone." Akakana iwo, ukwati palibe. Sindingawalumphe.

Lachinayi, 7 Malichi
Shaun wandiimbira masana. Ine kufunsa adzavala chiyani, iye Chigiriki. Mwamuna ameneyu! Ku sukulu yake ya Baibulo ku Kitwe amupatsa 2 Akorinto 5:10, vesi ija ya kuonekera tonse ku mpando woweruzira wa Khristu. Akuti mpandowo m'Chigiriki ndi bema. Poyamba liwulo linali sitepe chabe, kenako malo okwera pomwe mkulu amakhala poweruza milandu. Mawu ake kukoma, ndikanamvera mpaka mawa. Komabe ndamuchenjeza: Loweruka Chigiriki achisiye komwe amakhala ku Parklands.

Loweruka, 9 Malichi
Wabwera. Jekete, kutentha konseku. Amayi ulemu wokhawokha. "Khalani pa sofa, bambo." "Madzi, bambo?" Ine nkhawa basi. Wakum'mawa ndi Mubemba ndi pachimbuya, akakukonda amakunyoza. Atate ali moyo, anzawo Achibemba a ku mgodi ankangolowa pageti, amayi n'kuyamba kuwanena kuti odya anyani, iwo n'kubweza za mbewa. Lero zii.
Shaun pothawa chetecho wayamba za bema. Theka la ola! Amayi khutu lamanzere silimva bwino, amangogwedeza mutu, nkhope ili gwa. Kenako Shaun wapita. Ndalirira m'bafa.

Lamulungu, 10 Malichi
Misa sindinaimve.

Lachitatu, 13 Malichi
Nthiti zanga! Mayi Felistus a m'kwaya andiimitsa pokwerera minibasi. Akuti amayi anapita kwa akatekisiti kukafunsa ngati n'zoona kuti tsiku lomaliza tonse tidzaweruzidwa pa mpando wa Abemba. Masiku anayi nkhawa yake imeneyo! Zaka forty akunyoza Abemba, ndiye amve kuti mlandu wawo udzakambidwa ndi omwewo.
Ndathamangira kunyumba, ndawalembera papepala zilembo zikuluzikulu: BEMA. B mmodzi yekha. Ayang'anitsitsa, apuma mpweya wautali. "Ndimati Mulungu angatiponye bwanji m'manja mwa anthu amenewa. Muitanenso."
Muitanenso! Koma kukamuuza chiyani, sananene.

Loweruka, 16 Malichi
Shaun wangotsegula geti, amayi ali pakhonde pampando wawo: "Iwe wodya anyani, awe, pa sofa panga lero sukhalapo. Si unati bema ndi sitepe? Khala pa bema wako apo." Wakhala pa sitepe, jekete ndi fumbi lomwe, n'kufunsa mwaulemu ngati m'nyumba mwatsala mbewa. Amayi kuseka mpaka kutsokomola. Chimwalilireni atate sindinawamve akuseka chonchi.
Kenako: "Ukauze kwanu atume shibukombe, tikambe za mwana wanga." Nkhoswe! Atume nkhoswe!
Ndaona Shaun akutsegula pakamwa. Ndimamudziwa, amafuna kuwakonza kuti pa bema pamakhala woweruza, osati woweruzidwa. Ndamuponda phazi.