Bambo Alembetsa Sukulu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha mwana wamng'ono chija chinatha? Kuno ana ali bwino, mlamu wanu nayenso ali bwino. Wodwala ndine ndekha, ndipo matenda anga ndi mutu. Mutuwo mwandipatsa ndinu.

Mukukumbukira tsiku lija munandiimbira foni n'kunena kuti bambo akungokhala pakhonde chipumireni ntchito ya kugalaja, ndiye ndiwapezere chochita? Inu munangonena n'kudula foni, mtima uli m'malo. Ine ndinamvera, poti ndinu aakulu. Tsopano tamvani zimene mawu anuwo abala.

Mukudziwa kuti kukoleji kuno ndimayang'anira maphunziro a anthu akuluakulu a m'dera lino. Makalasi alipo khumi ndi anayi, zipinda zilipo zisanu ndi chimodzi, ndipo mphunzitsi aliyense amafuna chipinda chimene chili ndi fani. Kutatsala sabata ziwiri kuti teremu yapitayi iyambe, mphunzitsi wa zokonza injini anapeza ntchito kwina n'kuchoka osatsanzika. Anthu 23 anali atalembetsa kale: madalaivala a matakisi, mwini chigayo, namwino wina amene watopa ndi jenereta ya kuntchito kwake, ndi mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira lole yakufa pabwalo.

Ndinapita kwa akulu a koleji n'kuwauza kuti ndikudziwa makaniko amene wagwira sipanala zaka makumi anayi. Sindinabise kuti ndi bambo anga. Anati tiyese teremu imodzi.

Tsiku loyamba ndinawapatsa bambo buku la silabasi, limene ndinalilemba ndekha miyezi itatu. Analinyamula, kuliyeza kulemera kwake m'manja, n'kunena kuti ndi buku labwino kwambiri. Mawa lake ndinalipeza pansi pa mwendo wa tebulo logwedera.

Sabata yomweyo kunali msonkhano wa aphunzitsi onse. Ine ndili kutsogolo, ndikufotokoza za kalembera wa ophunzira, bambo anakweza dzanja n'kunena mokweza kuti, "Iwe Kamamina, tafupikitsa, anthu ali ndi ntchito." Achimwene, dzina limene ndinalikwirira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri! Lero ngakhale mlonda wa pageti akandipatsa moni milomo imachita kunjenjemera, kuseka kukufuna kutuluka.

Chipinda chawo amagawana ndi amayi osoka: a injini amatuluka 4 koloko, osoka n'kulowa. Bambo 4 koloko saidziwa. Tsiku lina mphunzitsi wa zosoka anabwera mu ofesi mwanga atanyamula nsalu yoyera ya diresi, pakati pake pali zala zisanu za girizi. Ndinawatuma bambo kuti akapepese. Anapitadi, koma ali mkati mopepesa anamva makina osokera akulira, n'kunena kuti akulira molakwika. Anawamasula pomwepo, mayiyo akukuwa. Choipa n'chakuti makinawo tsopano akusoka bwino kuposa kale, ndiye mayiyo akusowa poyambira kudandaula, mkwiyo wonse akuthira ine.

Zonsezi ndikanapirira. Koma tamvani za basi.

Loweruka lina ophunzira athu a zaumoyo ankayenera kupita kuholo ya kumsika kukayeza okalamba kuthamanga kwa magazi. Ndinakonza ulendowu mwezi wathunthu, makalata, zilolezo, zonse. M'mawa ndikufika, ndinapeza ophunzirawo atavala makoti oyera, ataima mozungulira basi ya koleji. Basiyo ili yasa, zitsulo zake zitandandalikidwa panyuzipepala ngati tomato wogulitsa. Bambo ali pansi pake, miyendo yokha ikuoneka, ophunzira awo atagwada kumvetsera.

Nditafunsa amene wawapatsa chilolezo, mawu anachokera pansi pa basi akuti inkatsokomola kuyambira Lachitatu, ndipo munthu wanzeru sadikira chilolezo kuti athandize wodwala. Ndinachita kupempha madalaivala a matakisi a m'kalasi mwawomo kuti atinyamule. Tinafika mochedwa ndi maola awiri, okalamba ena atatopa n'kubwerera kwawo.

Kenako anabwera mayeso. Mwa anthu 23 aja, bambo anakhozetsa awiri okha, namwino ndi mayi wamasiye uja. Ndinawachonderera kuti aonenso, poti koleji imatiyeza ndi chiwerengero cha okhoza. Anandiyankha kuti sangasaine kuti munthu amadziwa mabuleki pomwe sadziwa, chifukwa pamsewu pamayenda adzukulu awo. Mungawayankhe chiyani munthu wotero? Akulakwa, komanso sakulakwa, ndipo n'zimene zimanditopetsa.

Akulu a koleji anandiitana. Anati iwo amalemekeza achikulire, koma ineyo ndisankhe chimodzi: bambo achoke, kapena kalasi ya injini itsekedwe. Ndinalemba kalata yowachotsa ntchito ndi manja angawa. Ndinayenda nayo m'chikwama masiku asanu ndi anayi, mpaka inayamba kununkhira mafuta odzola.

Lamulungu masana ndinapita kunyumba n'kuwapatsa. Anavala magalasi, kuwerenga mpaka pansi, kuipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Mwachita bwino, bwana. Wantchito wosamva amachotsedwa." Sanakalipe, sanafunse kanthu. Anandiperekeza mpaka pageti n'kundiuza kuti tayala lakumbuyo lachepa mpweya. Ndinayendetsa galimoto mpaka pakona, ndinaima, n'kulira ngati mwana.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo? Mwaiwala bambo anu.

Ndinapeza mphunzitsi watsopano, mayi wophunzira bwino za injini, wodekha, wosunga nthawi. Tsiku lotsegulira teremu ino kalaliki wathu anandibweretsera mafomu a olembetsa, akuyang'ana kumbali. Fomu yapamwamba inali ndi zilembo zimene ndingazizindikire ngakhale mumdima. Ndinathamangira kukalasi. Ndinawapeza bambo pampando wakutsogolo, malaya ositidwa, kope latsopano patebulo, pensulo pakhutu.

Kalalikiyo akuti anayesa kuwakaniza, koma bambo anamugwira dzanja n'kupita naye pachikwangwani cha pageti, pamene palembedwa kuti aliyense ndi wolandiridwa, msinkhu si kanthu. Mawu amenewo ndinawapeka ndine, ndipo ndinkanyada nawo.

Ndiye panopa bambo ndi mwana wasukulu. Amafika woyamba, amapukuta bolodi, ndipo mphunzitsi akangotsegula pakamwa, dzanja lili m'mwamba: "Aphunzitsi, ndifunse nawo." Safunsa kanthu, achimwene, amakonza. Lolemba lapitali mphunzitsiyo anawerenga, akuti anafunsa nawo kakhumi ndi kamodzi.

Dzulo mayiyo anabwera mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndinati basi, nayenso akundithawa. Koma anati masiku ena amalakalaka kuwagenda ndi sipanala, pomwe masiku ophunzira za galimoto zatsopano, zija amazipima ndi kompyuta, mdalayo amakhala chete, kulemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, ndipo akaweruka amatsalira kuti awabwerezere. Vuto lake n'lakuti bambo alengeza m'kalasi kuti mayeso adzalephera dala, kuti adzabwereze teremu yamawa, ndi inayo. Mayiyo amafuna kudziwa ngati malamulo athu akunenapo kanthu za wophunzira wokana kukhoza. Ndinafufuza buku lonse. Palibe amene anaganizapo za munthu ngati bambo.

Tsopano ndiulule changa, poti sindinauze munthu, ngakhale mlamu wanu. Fomu ija ndikanatha kuikana. Kalasi imalola anthu 25, ndipo bambo anali a nambala 26. Lamulo limenelo ndimalisunga kwambiri, chaka chatha ndinabweza nalo mkazi wa mphunzitsi mnzanga. Cholembera chinali kale m'manja kuti ndilembe kuti malo atha. Koma pafomupo pali mzere wofunsa chifukwa chimene munthu akufunira maphunzirowo. Ena amalemba kuti akufuna ntchito, ena setifiketi. Bambo analemba kuti, "Kunyumba kuli zii chimwalirireni mayi a ana."

Ndinadinda chidindo. Akulu a koleji sakudziwa, ndipo Lachinayi likubwerali akuyendera makalasi onse.

Ndiye pempho langa ndi ili. Malangizo musanditumizirenso, omwe aja akwana. Lamulungu muwaimbire bambo, koma musawafunse za thanzi, mukudziwa amangoti ali bwino n'kukhala chete. Muwauze kuti galimoto yanu ikulira modabwitsa. Muyandikitse foni pa injini, akukalipireni ola lathunthu, inu muzingoti inde bambo. Akakhuta kukalipa, muwauze kuti mayeso alembe bwino, chifukwa mawu anu amawamva kuposa anga. Ndipo tchuthi chikubwerachi muwaitane adzakhale kwanuko mwezi umodzi, nanunso mulaweko. Mubise chilichonse chimene chili ndi bawuti.

Za Lachinayi musadandaule, mlanduwo ndikayankha ndekha. Ndikawauza akulu a koleji kuti wophunzira wa nambala 26 sachoka. Ngati vuto ndi mpando, atenge wa mu ofesi mwanga, poti chiyambireni nkhaniyi sindinaukhalepo n'komwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato anatumizira ana zija zinakwana. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito, ndipo ine andipatse kuleza mtima kokwana teremu imodzi yokha.

Ndine mlongo wanu wotopa,
amene akukukondanibe.