Mbendera ya Ada Manda

Lachinayi, nyengo ya mwera. Mawondo andiwawa tsiku lonse, koma mtima uli bwino.

Ine Yakobe Mhone, wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndamaliza kusema kasiteshoni kanga ka sitima, njanji zake zabango. Ndikufuna kafanane ndi siteshoni yathu yaing'ono ya ku Rodeshiya, isanandichoke m'mutu.

Mkamwini wanga, wobwera kumene ku Joni, akuti ndiikepo mlongoti wa nyali zofiira ndi zobiriwira. Ndakana. Masiku athu mlongoti kunalibe. Sitima ankaimitsa ndi mnzanga Manda, ataima m'dzuwa ndi mbendera yofiira. Ndiye ndasema kamunthu.

Masana Nyalongwe, mkazi wa malemu Manda, anadutsa akuchokera kovuula chinangwa. Anayang'ana kamunthuko nthawi yaitali.

"Ada Mhone, ameneyu ndani?"

"Amuna anu, Ama."

"Yayi. Anga mabogi a sitima anawaphwanya zala zakumanja. Mbendera ankagwira kumanzere."

Ndinali nditaiwala, ine amene ndinamumanga bala lija! Ndazula kansalu ka mbendera, ndaboola dzanja linalo, ndakazika mmenemo. Nyalongwe anagwira kamunthuko, nakapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Eya, awa ndiwo."

Kamunthuko wapita nako. Siteshoni yanga yatsala yopanda woimitsa sitima, ndipo sindisemanso wina.