Sindinagone pa Chiwongolero

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Dangamvura tilipo, koma mwendo uja ukuvutabe.

Mukumukumbukira Gwenzi, kapitawo amene anandichotsetsa ntchito basi yanga itagubuduzika pachitunda, nthawi ya azungu ija? Ndinamuuza kawiri kuti mabuleki atha. Iye analemba kuti ndinagona pa chiwongolero, pofuna kuti a inshuwalansi alipire kampani.

Tsopano eni mabasi aphatikiza inshuwalansi yawo, ndipo sabata ino akuphunzitsa madalaivala kupewa ngozi ku Paulington. Mphunzitsi wake ndi Gwenzi, chitsanzo chake ndine. Mnansi wanga atanditsina khutu, dzulo ndinapita ndi ndodo yanga.

Atangoyamba kufotokoza za dalaivala amene anagona pa chiwongolero, ndinaimirira n'kunena kuti, "Wogonayo ndine. Tafotokozani za mabuleki."

Ponditchula agogo m'chinenero cha kuno, iye anati, "Sekuru, n'zakale zimenezo. Dziko lasintha."

"Yasintha ndi mbendera," ndinatero. "Pepala lanu lija likadali lomwelo."

Anandikokera kunja, koma mawa ndipitanso.

Musandiitanenso kumudzi, muzingondipempherera. Sindichoka kuno, ngakhale kumanda sindipita, mpaka Gwenzi anene pamaso pa madalaivala onsewo kuti ndinali maso.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Yohane